Kachilombo, Mtundu ndi Mbewu: Mawu Olemedwa m'Chichewa cha Bayoloji

Mnyamata kapena mtsikana amene wasankhidwa kukaphunzira sayansi ku sukulu ya ukachenjede, kaya ndi ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, amakumana ndi phunziro la bayoloji m'chaka choyamba. Phunziroli limalawa pang'onopang'ono mbali zonse za zamoyo: selo ndi zam'kati mwake, chibadwa, magulu a zomera ndi nyama, ndiponso mmene zamoyo zimadalirana pa malo amodzi. Zonsezi wophunzira amazimva m'Chingerezi, amazilemba m'Chingerezi, ndipo mayeso akenso ndi a m'Chingerezi. Ife sitikutsutsa zimenezi, pakuti mabuku ndi kafukufuku wa phunziroli ali m'chiyankhulo chimenecho. Koma zikatha zaka 4, munthu yemweyu ndiye mphunzitsi wa ku sekondale, mlangizi wa zaulimi, woyeza magazi m'chipatala kapena woyang'anira usodzi ku Mangochi, ndipo anthu amene akuwatumikira amamufunsa m'Chichewa. Nkhani ino ikuunika Chichewa chimene iye amachipeza akatuluka: chimene alembi, omasulira ndi aulutsi takhala tikugwiritsa ntchito m'timabuku ta zaumoyo, m'mauthenga a zaulimi ndi pa wailesi.

Dandaulo limene timamva kawirikawiri ndi lakuti Chichewa chilibe mawu a sayansi. Pa mayina a zamoyo dandaulo limeneli ndi lopanda maziko. Msodzi wa ku Nkhotakota amasiyanitsa chambo, utaka, usipa, kampango, mpasa, sanjika, ntchila, ncheni, bombe ndi mlamba popanda kutsegula buku. Mayi wa kumudzi amadziwa utale ndi ndelema, ndiponso bowa amene sayenera kulowa mumphika. Pa mitengo chiyankhulo chathu chili ndi luso limene Chingerezi chilibe, loti tsinde limodzi la dzina limatchula mtengo ndi chipatso chake pongosintha mphatikiram'mbuyo: msuku ndi masuku, mlambe ndi malambe, mpoza ndi mapoza. Chuma chimenechi chinalembedwa kale. Jessie Williamson anasindikiza Useful Plants of Nyasaland mu 1955, buku limene linatulukanso lokonzedwa mu 1975 ndi dzina la Useful Plants of Malawi. Blodwen Binns anatulutsa Dictionary of Plant Names in Malawi mu 1972, ndipo Brian Morris analemba za bowa wa dziko lino mu 1987 ndi za mitengo ya mankhwala mu 1996. Mabukuwa ndi amtengo wapatali, ndipo wophunzira aliyense wa bayoloji ayenera kuwagwirako. Chofooka chawo kwa ife ndi chimodzi: amatenga dzina la kwathu n'kulipereka kwa wowerenga Chingerezi. Dzina ndi lathu, koma kufotokoza konse kuli m'chiyankhulo china. Ulendo wobwerera, wochoka ku sayansi kudza ku Chichewa, ndi umene sunalambulidwe.

Pa ulendo wobwererawu ndi pamene pali vuto. Tili ndi mawu ochepa amene tawasenzetsa katundu wa mawu khumi, ndipo lolemedwa koposa onse ndi lakuti kachilombo.

Kwa makolo athu chilombo chinali chamoyo chilichonse choopsa kapena chopanda phindu: fisi wolira usiku, njoka, nankafumbwe wa m'nkhokwe, ngakhalenso bowa wosadyedwa, monga Morris anaonera pa kafukufuku wake. Ku dambwe liwuli lili ndi ntchito yakenso, imene sitiikamba pano. Pamene achipatala anafuna kufotokoza zinthu zosaoneka ndi maso zimene zimadwalitsa anthu, anachepsa liwuli ndi ka- ndi ti-, n'kupeza kachilombo ndi tizilombo. Kunali kuganiza kwanzeru, ndipo sitiyenera kuchita nako manyazi. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, amene anaona mabakiteriya koyamba mu 1676 kudzera m'magalasi opanga yekha, nayenso anawatcha tinyama. Kusiyana kwake ndi kwakuti anzathuwo sanaime pamenepo. Theodor Bilharz anapeza nyongolotsi ya likodzo mu 1851. Alphonse Laveran anaona choyambitsa malungo m'magazi a wodwala mu 1880. Robert Koch anapeza bakiteriya wa chifuwa chachikulu mu 1882. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky anasefa madzi a masamba a fodya wodwala ndi sefa imene imagwira mabakiteriya onse, koma madzi osefedwawo anadwalitsabe fodya wina, ndipo mu 1898 Martinus Beijerinck anatcha chinthu chopyola sefacho kuti vayirasi. Nthawi iliyonse imene anapeza chinthu chatsopano, anachipatsa dzina lakelake. Ife tinatsalira pa liwu loyamba lija.

Taonani tsopano zimene kachilombo kamatanthauza m'timabuku tathu. Choyambitsa Edzi ndi vayirasi, chinthu chopanda selo, chimene sichingachulukane pachokha popanda kulowa m'selo la munthu. Choyambitsa chifuwa chachikulu ndi kolera ndi mabakiteriya, a selo limodzi lopanda nyukiliyasi. Choyambitsa malungo, Plasmodium, chili ndi selo limodzi lokhala ndi nyukiliyasi, ndipo chimayenda ndi udzudzu waukazi wa Anopheles. Choyambitsa likodzo ndi nyongolotsi yeniyeni, yaimuna ndi yaikazi, imene imadzera m'nkhono za m'madzi, ndipo ikakula imafika sentimita imodzi kapena kuposa. Zipere zimadza ndi achibale a bowa. Mphere yokha ndi imene imadza ndi kachilombo ka miyendo, kofanana ndi chimene munthu wamba amaganiza akamva liwuli. Kuchoka pa vayirasi ya Edzi kufika pa nyongolotsi ya likodzo, kutalika kumasiyana pafupifupi ka 100,000. Zonsezi tikuzitcha kachilombo, ndiponso anankafumbwe ndi mbozi za m'chimanga omwe.

Wina anganene kuti wodwala safuna phunziro la bayoloji, amafuna kuchira basi. Koma kuchirako kuli pa kusiyanitsa kumeneku. Gulu lililonse lili ndi mankhwala ake: LA ndi wa malungo, praziquantel ndi wa likodzo, ma ARV ndi a vayirasi ya Edzi, ndipo maantibayotiki monga amoxicillin amapha mabakiteriya okha. Chimfine wamba chimadza ndi mavayirasi, choncho maantibayotiki sachigwira. Munthu amene wauzidwa kuti chimfine chimadza ndi tizilombo, ndiponso kuti makapisozi amapha tizilombo, sakulakwa kuganiza akakagula makapisozi pa golosale. Iye watsata bwinobwino mawu amene tinamupatsa. Zotsatira zake wophunzira wa bayoloji amazidziwa: mabakiteriya amene apulumuka ku mankhwala omwedwa mwachisawawa ndiwo amaswana, ndipo patapita nthawi mankhwalawo amaleka kugwira ntchito. Kodi zimenezi angazifotokoze bwanji kwa anthu ngati mbali zonse ziwiri za chiganizo chake zili ndi liwu limodzimodzi?

Pali chinanso. Kuyambira 1985, pamene matenda a Edzi anatsimikizika koyamba m'dziko muno, liwuli linayamba kuphwa m'kamwa mwa anthu. Lero kunena kuti uje ali ndi kachilombo, popanda kuonjezera kanthu, kumatanthauza chinthu chimodzi chokha. Ndiye kuti liwu limene likufutukuka m'zolembedwa likufinyika m'zoyankhula. Woyeza magazi amene auza mayi kuti mwana wake wapezeka ndi kachilombo m'magazi, pomwe akunena malungo, wamulasa mtima mayiyo pachabe.

Ndiponso liwuli limabwera ndi chiweruzo, pakuti chilombo ndi mdani. Mabakiteriya ambiri si adani. Amene amakhala m'timaso ta pa mizu ya soya, nandolo ndi mtedza amatenga nayitirojeni mumpweya n'kuonjezera chonde m'nthaka. Ena ndiwo amasandutsa mkaka kukhala chambiko, ndipo ena amawoletsa zinyalala kuti zikhale manyowa. Mlangizi amene auza mlimi kuti asakanize mbewu ya soya ndi tizilombo asanadzale amayamba ndi kuchotsa mantha amene liwu lakelo ladzetsa.

Maganizo athu ndi akuti tizilombo likhalebe, koma likhale liwu la ambulera lotchula zonse zodwalitsa pamodzi. Pansi pake tilembe vayirasi, bakiteriya ndi nyongolotsi mosasinthanitsa. Mawu awiri oyambawo anthu anawamva kale, makamaka kuyambira mu Epulo 2020 pamene COVID-19 inapezeka m'dziko muno. Chatsala ndi chakuti akonzi aleke kuwafufuta poganiza kuti akuthandiza owerenga. Za gulu la bowa n'zovutirapo. Tili ndi bowa wa ndiwo, chuku cha pa mtedza ndi chimanga, ndi yisiti wofufumitsira buledi, koma tilibe liwu lowamanga pamodzi. Kufutukula liwu lakuti bowa kuti lifikire zipere sikungatheke, chifukwa bowa ndi chakudya. Apa kubwereka fangayi n'koyenera. Chosangalatsa n'chakuti anthu a kumudzi amafanizira bowa ndi nyama kusiyana ndi masamba, pomwe mabuku akale a sayansi ankamuika pa gulu la zomera mpaka Robert Whittaker atamupatula mu 1969. Kafukufuku wa DNA waonetsa kuti ubale wa bowa uli pafupi ndi nyama kuposa zomera. Makolo ankanena za kakomedwe, osati za DNA, komabe wophunzira wa kwathu sadabwa akamva zimenezi m'kalasi.

Liwu lachiwiri ndi mtundu. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku timati mtundu wofiira, mtundu wa Alomwe, mtundu wa Amalawi, nsalu za mitundumitundu. Pamwamba pa zonsezi omasulira aonjezera makwerero onse a kagawidwe ka zamoyo. Wophunzira wa chaka choyamba amaloweza makwerero 7, kuyambira pa kingdom kutsika mpaka pa family, genus ndi species, ndipo amaphunzira dongosolo la mayina awiriawiri a Chilatini limene Carl Linnaeus anakhazikitsa pa zomera mu 1753 ndi pa nyama mu 1758. Akafuna kunena zimenezi m'Chichewa amapeza kuti khwerero lililonse ndi mtundu, kapena gulu.

Nyanja ya Malawi ndi pamene vutoli limaonekera poyera. Timalemba monyadira kuti nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700. Msodzi amene wakulira pa bwato amadabwa, chifukwa mayina amene iye amadziwa safika pamenepo. Onse awiri akunena zoona, koma akuwerenga zinthu zosiyana. Kampango ndi species imodzi, Bagrus meridionalis. Usipa ndi imodzinso, Engraulicypris sardella. Koma utaka ndi dzina la nsomba zambiri za species zosiyanasiyana, ndipo mbuna za m'miyala zilipo mazana. Chambo chenicheni chili ndi species zitatu zodziwika bwino: Oreochromis squamipinnis, imene Albert Günther anaitcha dzina mu 1864, ndi Oreochromis karongae ndi Oreochromis lidole, zimene Ethelwynn Trewavas anazifotokoza mu 1941. Dzina lakuti lidole analitenga kwa asodzi eni ake, umboni wakuti a kunyanja ankasiyanitsa kale zimene ife a kumtunda timangoti chambo. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika zitatu zonsezi pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pa chiopsezo chachikulu cha kutheratu. Tsono tikalemba kuti mtundu wa chambo watsala pang'ono kutha, wowerenga wa ku Lilongwe amapita ku msika n'kupeza nsomba zimene wogulitsa akuzitcha chambo, zina za m'mayiwe, zina makumba, amene ndi Oreochromis shiranus, ndipo amatsimikiza kuti nyuzipepala yanama. Uthenga wofunika wafera pa liwu limodzi.

Omasulira ambiri atembenuza family kukhala banja, ndipo poyamba zimaoneka ngati zakhoza. Koma tiyeni tione bwino. M'Chichewa banja ndi laling'ono kuposa mtundu: mabanja ambiri amapanga mtundu umodzi. Mu bayoloji ndi zosemphana, pakuti family imodzi ya Cichlidae ili ndi species mazanamazana. Tikalemba kuti banja limeneli lili ndi mitundu yoposa 700, tatembenuza makwerero chadodolido m'maganizo a wowerenga. Mawu a Chingerezi atsatidwa, koma tanthauzo latayika.

Chichewa chili ndi makwerero akeake a ubale, ndipo tingawagwiritse ntchito mowongoka. Fuko ndi lalikulu kuposa mbumba. Mbumba ndi ana ndi adzukulu ochokera ku bere limodzi, ndipo ndi chimenechi chimene genus imatanthauza masiku ano: species zoyandikana zochokera kwa kholo limodzi. Tingathe kunena kuti fuko la Cichlidae, mbumba ya Oreochromis. Za species ife tikuona kuti ndi bwino kubwereka n'kulemba sipishi. Chifukwa chake ndi chakuti limeneli ndilo khwerero limene timawerengera zamoyo, timatetezera zamoyo ndiponso timalembera malamulo, choncho lifunika liwu losagawana ndi tanthauzo lina. Kulifotokoza si kovuta: zamoyo za sipishi imodzi zimaswana n'kubereka ana amene nawonso amabereka. Bulu ndi kavalo akakwerana amabereka nyulu, koma nyulu sibereka, choncho bulu ndi kavalo ndi masipishi awiri. Muyeso umenewu sukwanira paliponse, ndipo nsomba za m'nyanja yathu ndi zina mwa zimene zimauvuta, koma ndi poyambira pabwino. Mtundu likhale liwu lomasuka la tsiku ndi tsiku monga lilili. Sitikunena kuti fuko, mbumba ndi sipishi ndi mawu okhawo otheka. Tikuwapereka kuti aphunzitsi awayese m'kalasi, aone ngati akugwira.

Liwu lachitatu, mbewu, silipweteka ngati awiri oyambawo, koma limasokoneza phunziro la chibadwa. Mbewu ndi njere imene timadzala, mbewu ndi chomera cha m'munda, mbewu ndi mtundu wa chimanga monga MH18, ndipo m'mabuku a chipembedzo mbewu ndi zidzukulu za munthu. Funso limene mlangizi aliyense amakumana nalo ndi lakuti: chifukwa chiyani chimanga cha makolo timachibwereza chaka ndi chaka, pomwe cha hayibulidi amati tigule chatsopano? Ambiri amaganiza kuti ndi kuchenjera kwa ogulitsa. Yankho lenileni lili mu zimene Gregor Mendel anasindikiza mu 1866 atayesa nsawawa m'dimba la ansembe ku Brno. Makolo awiri osiyana akakwatitsidwa, m'badwo woyamba umatuluka wofanana, koma m'badwo wachiwiri zobisika zija zimatulukira, chimodzi pa zinayi zilizonse. Chimanga cha hayibulidi ndi m'badwo woyamba, ndipo chobwereza ndi m'badwo wachiwiri, wosiyanasiyana msinkhu ndi zokolola. Pofotokoza izi mlangizi afunika kusiyanitsa njere, mtundu wa chomera, ndi timagawo ta m'kati timene timanyamula chibadwa. Akati mbewu ya mbewu imeneyi siisunga mbewu yake, mlimi angomuyang'ana.

Timagawo timeneti ena alemba kuti jini, zambiri majini. Apa pali msampha, chifukwa m'madera ambiri, makamaka a kunyanja, majini ndi mizimu imene imagwira munthu. Kuuza kholo kuti nthenda ya mwana wake yadza ndi majini ochokera kwa bambo ndi mayi kungamutumize kwa sing'anga m'malo mwa kuchipatala, ndipo kungadzetse mkangano m'banja. Galamala yathu ingathandize. Tiike liwuli m'gulu la mayina limene silisintha pochulukitsa, monga nyumba ndi mbuzi: jini iyi, jini izi, jini ziwiri. Potero majini atsala kwa eni ake. Liwu lakuti chibadwa likhale la zonse zimene chamoyo chimatengera kwa makolo, monga anthu amaligwiritsira kale ntchito.

Tinenepo mwachidule za evolution, pakuti nayo imapwetekedwa ndi mneni wolakwika. Kulemba kuti nyani anasanduka munthu ndi kulakwa kawiri. Bayoloji siphunzitsa zimenezo. Imati munthu ndi anyani anachokera kwa kholo limodzi lakalekale. Ndiponso kusanduka m'Chichewa ndi kwa mfiti imene imasanduka fisi usiku umodzi. Chimene chikukambidwa ndi kusintha kwa mibadwo yambirimbiri, kumene palibe chamoyo chimodzi chimene chimakuona pa moyo wake. Liwu lakuti chisinthiko, limene alembi ena akuligwiritsa ntchito, ndi labwino ndipo liyenera kukhazikika. Nkhaniyi si yachilendo kwa ife: chibwano cha munthu wakale cha zaka pafupifupi mamiliyoni awiri ndi theka chinafukulidwa ku Uraha m'boma la Karonga mu 1991, ndipo nsomba mazanamazana zimene tatchula zija zinaphukira m'nyanja imodzi kuchokera kwa makolo ochepa.

Kupatula mawu olemedwa, pali chizolowezi china chimene akonzi ayenera kuchionetsetsa, chomasulira liwu ndi chiganizo chathunthu. M'malo mwa selo timawerenga kuti kanthu kakang'ono kwambiri kamene kamapanga thupi la chamoyo. Limeneli ndi tanthauzo, ndipo ndi labwino pa malo oyamba pamene liwu latchulidwa. Koma silingabwerezedwe kasanu m'ndime imodzi, ndipo wophunzira sangaganize nalo. Choipa koposa ndi mafotokozedwe amene amalowetsa bodza. Tinazolowera kunena kuti okosijeni ndi mpweya wabwino ndipo kaboni dayokisaidi ndi mpweya woipa. Mwana amene wakula ndi mawu amenewa akafika pa phunziro la mmene masamba amapangira chakudya, amamva kuti chimanga chimamwa mpweya woipa n'kupanga nawo shuga ndi sitachi. Woipa kwa yani? Nsima imene iye wadya masana inamangidwa ndi mpweya umenewo. Momwemonso kutcha feteleza kuti chakudya cha mbewu kumabisa mfundo yaikulu ya phunziroli, yakuti chomera chimadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya, ndipo m'nthaka chimangotengamo madzi ndi michere.

Liwu lakuti selo lili ndi mbiri yoseketsa. Robert Hooke ataona timabowo ta m'khungwa la mtengo pa mayikulosikopu mu 1665 anatifanizira ndi tizipinda, ndipo liwu lomwelo ndilo linatifikira kudzera ku polisi, kumene munthu amagona m'selo. Matanthauzo awiriwa sasokonezana, popeza palibe chiganizo chimene angakumanemo. Pa kalembedwe, lamulo lodziwika ndi lakuti r amalembedwa pakatsogola e kapena i, ndipo wina angaumirire kuti tilembe sero. Koma mawu obwereka monga belu, telala ndi filimu anasunga kale l wawo, ndipo selo latsata omwewo. Tisalivute. Chofunika kugwirizana ndi agwirizanitsi, pakuti m'kabuku kamodzi timapeza selo ili pa tsamba lina ndi selo iyi pa lina. Ife tikuti selo ili, maselo awa, monga buku ndi mabuku. Bakiteriya uyu, mabakiteriya awa. Vayirasi iyi, mavayirasi awa. Za kachilombo ndi kachirombo, l ndiye woyenera popeza ali kumayambiriro kwa tsinde, monga mu chilungamo ndi chilimwe.

Kuti mawu otere angakhazikike tili ndi umboni pafupi. Galamala ya Chichewa imaphunzitsidwa m'Chichewa, ndipo mawu monga mneni, mfotokozi, muonjezi ndi mphatikiram'mbuyo, amene tsiku lina anali achilendo, lero mwana wa ku pulayimale amawatchula osaganizira. Anakhazikika chifukwa ankagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku m'kalasi ndi pa mayeso. Mawu a bayoloji alibe mwayi umenewo, makamaka chichokere 2014 pamene boma linalengeza kuti Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Malo amene atsala ndi wailesi, nyuzipepala, timabuku ta alangizi ndi pakamwa pa omaliza maphunziro aja. N'chifukwa chake ntchitoyi siingathe kugwiridwa ndi akatswiri a chiyankhulo okha. Wodziwa Chichewa koma wosadziwa bayoloji ndiye amalemba mpweya woipa. Wodziwa bayoloji koma wosasamala Chichewa ndiye amalemba majini. Mu mzinda wa Zomba muli aphunzitsi a bayoloji a University of Malawi, muli Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndiponso muli National Herbarium, kumene kumasungidwa zomera zouma za dziko lino. Sipafunika ulendo wautali kuti atatuwa akumane. Njira yosalira ndalama ndi yoti wophunzira wa chaka chomaliza, polemba lipoti la kafukufuku wake, aonjezere tsamba limodzi lofotokoza zomwezo m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha kumene anachita kafukufukuyo. Pamene iye wakakamira, pamenepo ndi pamene pakusowa liwu, ndipo masamba oterowo ataunjikana angakhale maziko a mndandanda wochokera ku ntchito yeniyeni.

Chomaliza ndi cha mayina a Chilatini. Amenewa asasinthidwe kalembedwe ngakhale pang'ono. Taonapo ena akuyesa kuwalemba motsata matchulidwe a Chichewa, koma phindu lonse la mayinawa ndi lakuti amalembedwa chimodzimodzi ku Zomba, ku Lusaka ndi ku Tokyo. Dzina loyamba, la mbumba, liyambe ndi lembo lalikulu. Lachiwiri liyambe ndi laling'ono ngakhale litachokera ku dzina la munthu kapena la malo, monga karongae. Ndipo onse awiri apendeketsedwe posindikiza, kapena alembedwe mzere kunsi polemba ndi manja. Dzina la Chichewa litsogole, la Chilatini litsatire kamodzi kokha pamene chamoyocho chatchulidwa koyamba. Kumene dzina lathu lili lokwanira, monga mlombwa kapena mlambe, mkonzi angathe kusiya la Chilatini m'nkhani za anthu wamba. Kumene dzina lathu limatchula zinthu zingapo, la Chilatini lisasowe. Mkungudza ndi chitsanzo. Dzinali limatchula mtengo wa fuko lathu, Widdringtonia whytei, umene mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Limatchulanso mitengo ina yodzalidwa yochokera kunja, ndiponso mkungudza wa ku Lebanon wa m'Baibulo, umene uli wa fuko lina. Mlembi wa nkhani za nkhalango akangoti mkungudza ukutha, mwini mpanda wa mikungudza yodzalidwa ku Dedza sadziwa kuti akunena mtengo wina.